Mabelo a Udzu: Bizinesi Yofuna Mitu Iwiri

Amayi, ikafika Seputembala aliyense woweta ng'ombe yamkaka amadziwa vuto lomwe limagwa m'khola. Msipu watha, madambo ayera mbuu, tchire lapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo ng'ombe yomwe inkadzaza ndowa mu Febuluwale yayamba kuonetsa nthiti. Mkaka ukatsika, ndalama za kumapeto kwa mwezi nazo zimatsika, chonsecho iyi ndi nyengo ya fizi komanso yogula feteleza. Pa nthawi yotereyi munthu amene anasunga udzu wouma m'chigafa sachita kuitanira malonda. Alimi amabwera okha, ena pa njinga, ena ndi ngolo.

N'chifukwa chake m'madera a ng'ombe zamkaka, monga Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi mbali zina za Lilongwe ndi Mzuzu, udzu wasanduka malonda. Alangizi a ziweto amautchula kuti heyi udzu womwetedwa uli wauwisi n'kuumitsidwa bwino, ndipo ukadindidwa m'mabelo umasungika miyezi yambiri. Mwina amuna anu akuchita kale ntchitoyi. Mwina ndi mkamwini wanu, kapenanso ndinu eni ake amene mukuiganizira. Anthu akamatchula bizinesiyi amati "mabelo a bambo uje", koma amene anatembenuza udzuwo padzuwa, kuphikira aganyu ndi kuthamanga nawo pamene mitambo inada, kawirikawiri ndi mayi. Tiyeni tione mmene ntchitoyi imayendera chaka chonse, ndi malo amene imapanikiza banja.

Amagula ndani, ndipo amafuna wochuluka bwanji?

Ng'ombe zambiri zamkaka kuno kwathu ndi zamtundu wosakaniza, makamaka Friesian ndi ng'ombe zathu zachikuda, ndipo zimadyera m'khola. Sizipita kudambo. Chilichonse chomwe zimadya, munthu amachita kusenza. Alimi ake amagulitsa mkaka kudzera m'magulu osonkhanitsa mkaka, amene ku chigawo cha kumwera ali pansi pa bungwe la SHMPA ndipo ku chigawo chapakati ali pansi pa CREMPA. Amenewa ndiwo makasitomala anu oyamba. Pambuyo pawo pali onenepetsa ng'ombe zanyama ndi oweta mbuzi.

Ng'ombe yolemera makilogalamu 400 imene ikukamidwa imafuna makilogalamu 10 mpaka 12 a chakudya chouma pa tsiku. Tiyerekeze kuti belo lanu ndi la makilogalamu 15. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala pali masiku pafupifupi 120, ndiye kuti ng'ombe imodzi yodalira udzu wokha ingamalize mabelo 80. Mlimi amaonjezerapo madeya, mapesi ndi zina, choncho sagula onsewo, komabe mukuona nokha kuti makasitomala asanu okhulupirika akhoza kumaliza chigafa chonse. Musanadzale udzu, yendani kaye m'makola a m'dera lanu, muwerenge ng'ombe ndipo mufunse eni ake chomwe amadyetsa m'chilimwe. Kumene kulibe ng'ombe zamkaka pafupi, mtengo wa ngolo kapena galimoto ukhoza kudya phindu lonse.

Udzu wake ndi uti?

Si udzu uliwonse umatulutsa mkaka. Tsekera wouma uja ndi wabwino kufolera nyumba, koma ng'ombe ikamudya imangodzaza mimba. Udzu ukamakhwima chakudya chomanga thupi chimachepa, ndipo chotsala ndi mitengo yolimba. Umene alangizi amalimbikitsa pa ntchito ya mabelo ndi udzu wa Rhodes, chifukwa uli ndi timitengo tating'ono touma msanga, umaphukanso mukaumweta, ndipo umakhala m'munda zaka zingapo osadzalanso. Mbewu yake ndi yaing'ono kwambiri, motero imafesedwa pamwamba m'munda wosalaza bwino mvula ikakhazikika. Mukaikwirira kwambiri simera.

Nsenjere ndi chakudya chabwino ikakhala yaiwisi, koma siyenera mabelo chifukwa mitengo yake ndi yonenepa ndipo imachedwa kuuma. Zotsala za mtedza, soya ndi nyemba musazitenthe. Za mtedza zili ndi chakudya chomanga thupi chambiri kuposa udzu, ndipo belo losakaniza ndi zimenezi liyenera kukwera mtengo. Masamba a nandolo ndi a lukina nawo amathandiza, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse.

Kumweta, kuumitsa ndi kudinda

Nthawi yabwino yomweta ndi pamene udzu wangoyamba kumasula maluwa. Vuto lake ndi lakuti nthawi imeneyi imakumana ndi mvula. Mwini bizinesi amakhala maso kumwamba ndi khutu pa wailesi, kudikira masiku atatu adzuwa. Udzu womaliza, wa mu Epulo ndi Meyi mvula ikamakata, ndiwo suvuta kuumitsa.

Mwetani m'mawa mame atauma, ndipo siyani chitsa chotalika ngati chikhatho kuti udzu uphukenso. Uyaleni mopyapyala, muziutembenuza kawiri pa tsiku. Dzuwa likakhala labwino umauma m'masiku awiri kapena atatu. Kuti mudziwe ngati wauma, tengani wodzaza dzanja n'kuupotokola. Ukamveka wonyowa kapena wozizira, sunafike. Ukamayoyoka ngati fumbi ndipo wayera, wapsa ndi dzuwa. Wabwino umasunga mtundu wobiriwirako ndipo umanunkhira.

Amene munalimako fodya mukudziwa kudinda. Pa udzu simufunika jeke. Kalipentala wa pamsika akhoza kukukhomerani bokosi la matabwa lopanda chivundikiro, lotalika pafupifupi mita imodzi, m'lifupi ndi msinkhu theka la mita. Mumayala zingwe ziwiri za khonje m'kati mwake nsonga zili kunja, n'kumaponya udzu pang'onopang'ono wina akupondaponda, makamaka m'makona. Likadzaza mumamanga zingwe zija mwamphamvu ndi kutulutsa belo. Gwiritsani ntchito bokosi limodzi nthawi zonse ndipo muziyeza mabelo angapo pa sikelo, kuti wogula adziwe chimene akulipira. Kasitomala amene wanyengedwa kamodzi amakauza gulu lonse la mkaka.

Mabelo asagone pansi. Amafuna thandala lokwera, denga losadontha ndi mpata woti mphepo izidutsa. Chiswe chimalowera pansi, mvula imalowera pamwamba. Udzu wodindidwa usanaume umatentha m'kati, umachita nkhungu, ndipo mulu waukulu ukhoza kuyaka wokha. Chigafa chikhale kutali ndi khitchini, ndipo lambulani mozungulira Julayi asanafike. Moto wa mbewa umodzi umatha kumaliza thukuta la miyezi isanu nthawi yophika nsima isanakwane.

Ntchito ya awiri iwerengedwe ya awiri

Tsopano tifike pa banja. Miyezi yomweta udzu ndi yomwenso kumunda kuli ntchito: kupalira, kubandira, kenako kukolola chimanga ndi kukumba mtedza. Bambo akapita kukafuna aganyu kapena kukakambirana ndi makasitomala, amene amatsala ndi udzu woyala padzuwa ndinu. Mumautembenuza mwana ali kumsana, ndipo mukabwerako madzi, nkhuni ndi mphika zikukudikirani. Ntchito ya bambo imaoneka chifukwa imathera pa kulandira ndalama. Yanu imasowa m'kaundula chifukwa palibe amene anailipira.

Apa ndi pamene madandaulo amayambira, ndipo amayamba mwakachetechete. Mayi amaona kuti akugwira ganyu yaulere pakhomo pake pomwe. Bambo amaona kuti zonse akusenza yekha chifukwa ndiye akudziwa za ngongole. Aliyense ali ndi mbali yoona, koma palibe amene akuona chithunzi chonse. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mankhwala ake oyamba ndi kope la sukulu. Tsamba lina mulembe zotuluka: mbewu, feteleza kapena manyowa, aganyu, zingwe, ngolo, kukonza denga, lendi ya munda. Mulembenso masiku amene inu ndi amuna anu mwagwira, ndipo muwaike pa mtengo womwe mukanalipira waganyu. Tsamba lina mulembe mabelo odindidwa, ogulitsidwa ndi otsala. Mukagawa zotuluka zonse ndi chiwerengero cha mabelo, mudziwa mtengo umene belo limodzi lakudyerani. Kugulitsa pansi pa mtengo umenewo ndi kudyetsa ng'ombe ya mnzanu ndi mphamvu zanu. Kumbukirani kuti mitengo imasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zambiri zinakwera, ndipo wogulitsa pa mtengo wa chaka chatha amaluza osadziwa.

Nkhani ya kope musaiyambe tsiku limene mwakwiya. Sankhani madzulo ana atagona, ndipo muyambe mofatsa: "Bambo, tiyeni tione limodzi kuti udzu wa chaka chino watidyera zingati." Mwamuna amene akanakana kufunsidwa za ndalama zili m'thumba mwake savuta kuvomera kuwerengera limodzi mabelo. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa Sitandade 7 akhoza kukulemberani inu mukunena.

Ndalama zobwera nthawi imodzi

Bizinesi ya udzu imadya ndalama kuyambira Disembala mpaka Meyi, n'kudzabweza kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Pakati pake pali miyezi ya chete. Mayesero ali pawiri. Loyamba ndi kugulitsa mu Meyi pa mtengo wozizira chifukwa pakhomo palibe sopo. Lachiwiri ndi kumwaza ndalama za mu Okutobala chifukwa zabwera zambiri nthawi imodzi.

Pa vuto loyamba, banki m'khonde imathandiza. Ngongole yaing'ono ya mu Meyi ikhoza kukulolani kusunga mabelo mpaka mtengo utakwera, bola muwerengere chiwongoladzanja musanatenge, ndipo amuna anu adziwe. Ngongole yobisa imasanduka mlandu tsiku limene amayi a gulu afika pakhomo kudzatenga ndowa ndi mbale.

Pa vuto lachiwiri, gawani ndalama zisanafike. Gwirizanani nthawi ikadalipo kuti gawo ili ndi lobwerera m'bizinesi, ili ndi la fizi, ili ndi la feteleza, ili ndi la matenda, ndipo aliyense wa inu akhale ndi kagawo kake kosafunsidwa. Ndalama zolandira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zili ndi ubwino wakuti uthenga umatsala m'foni, choncho muzionetsana. Alimi ambiri amkaka amalandira pamwezi ndipo amapempha kutenga mabelo pangongole. Musakane onse, koma lembani dzina, tsiku ndi mabelo ake, ndipo mugwirizane awiri malire a ngongole. Achibale nawo alembedwe. Ngati mwasankha kupatsa alamu anu mabelo asanu aulere, likhale ganizo la nonse.

Pali nkhani ina imene timaikamba motsitsa mawu. Wopereka mabelo kutali nthawi zina amagona pa malo ochitira malonda, ndalama zili m'thumba. Mowa ndi zibwenzi zathetsa mabizinesi ambiri, ndipo zalowetsa matenda m'mabanja. Kukhulupirika ndi lonjezo limene munapatsana pa tsiku la ukwati, ndipo kukumbutsana si chipongwe. Kupita limodzi kukayezetsa magazi ndi chizindikiro cha kusamalana. Ngati mwini bizinesi ndinu, makasitomala ambiri adzakhala amuna ndipo foni idzalira nthawi iliyonse. Adziwitseni amuna anu makasitomalawo, muziyankha foni poyera, ndipo nthawi zina muziwatuma kukapereka katundu. Nsanje imakula pamene pali mdima. Koma kukangana pa ndalama kukafika pomenyana kapena kulandidwa zonse zimene mwapeza, musapirire chamumtima. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limakutetezani, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ankhoswe ndi alangizi a mabanja a ku parishi aitanidwe zinthu zisanafike pamenepo.

Munda ndi wa yani?

Udzu wa Rhodes umakhala zaka, chigafa nacho sichisamuka. N'chifukwa chake funso la malo silingathawike. Kumene kuli chikamwini, monga m'maboma ambiri a kumwera, bambo amaika mphamvu zake pa munda wa kwa mkazi wake, ndipo ena amagwira ntchito ndi mtima umodzi poopa kuti tsiku lina adzachoka ndi bulangete lokha. Kumene mkazi amatengedwa kupita kwa mwamuna, woopa ndi mayi. Mantha amenewa akakhala osatchulidwa, munthu amabisa ndalama kapena kukamanga kwawo mwachinsinsi.

Khalani pansi pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, mufotokoze kuti malo ndi a uje, koma udzu, bokosi, chigafa, ngolo ndi phindu ndi za banja lino ndi ana ake. Zilembedwe. Ngati munda ndi wobwereka, pangano likhale la zaka zingapo, lolembedwa, amfumu ali mboni, chifukwa mwini munda akaona udzu wakhazikika akhoza kuufuna chaka chachiwiri.

Kulemba wilo si kuitana imfa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, ndipo limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo. Komabe lamulo limathandiza bwino amene ali ndi umboni. Mayi wodziwa makasitomala, mitengo, amene ali ndi ngongole ndi nambala yachinsinsi ya foni ya bizinesi amatha kupitiriza ntchito bambo akadwala kapena akatisiya. Amene ankangotembenuza udzu osadziwa china amaona zonse zikutha mwambo wa maliro usanathe.

Thanzi la pakhomo ndi la akumwa mkaka

Udzu uli ndi ngozi zake. Fumbi la mabelo, makamaka ochita nkhungu, limalowa m'mapapo n'kuyambitsa chifuwa ndi kubanika. Dindirani pamalo podutsa mphepo ndipo muphimbe mphuno ndi kukamwa. Wodwala mphumu asakhale pafupi. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, pitani kuchipatala mukayezetse TB.

Mu udzu wautali ndi pansi pa mabelo mumabisala njoka, chifukwa zimatsata mbewa. Valani nsapato zazitali ndipo muziyamba mwagogoda ndi ndodo. Wina akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, musamange mwamphamvu. Mugonekeni, asagwedeze chiwalocho, ndipo muthamangire naye kuchipatala. Bala la zenga kapena chikwakwa litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo mufunse za katemera wa kafumbata. Ponyamula belo pindani mawondo, osati msana. Mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene asasenze mabelo ndipo asapondeponde m'bokosi. Imeneyi ndi nthawi yoti bambo alembe waganyu, ndipo mtengo wake ulowe m'kope monga zina zonse.

Ana akhoza kuthandiza Loweruka ntchito zopepuka, koma asajombe kusukulu chifukwa cha udzu. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mwana wa mnzanu amene wabwera kudzapempha ganyu ndi mwana ngati wanu.

Palinso udindo kwa anthu amene simudzawaona. Chuku chimene timachidziwa pa mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni amene ng'ombe ikadya amatulukira mu mkaka, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa. Poizoniyu amaononga chiwindi ndipo ndi woopsa kwa ana aang'ono. Zotsala za mtedza zonyowa ndi madeya oundana ndizo zimakhala nacho kwambiri. Belo lakuda, lonunkha chinyontho kapena lotuluka fumbi loyera, lipite ku manyowa. Pa tsiku limene ndalama zavuta, mmodzi wa inu adzafuna kulibisa pakati pa abwino. Winayo akhale wolimba mtima kukana, chifukwa mkaka umenewo ukathera m'kapu ya mwana wa munthu.

Chaka choipa

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi ziweto ku chigawo cha kumwera. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Mvula ikachuluka udzu umaola usanaume, ikachepa sukula. Choncho musasandutse munda wonse wa chakudya kukhala wa udzu. Yambani ndi kachigawo kochepa, kapena m'malire ndi m'migula, ndipo muonjezere mukaona msika. Pa chaka chabwino sungani kangachepe. Pa chaka cha ng'amba mtengo wa udzu umakwera, ndipo apo m'pamene mtima wa banja umayesedwa. Pezani phindu loyenera, koma kumbukirani kuti mlimi amene ng'ombe yake yafa sadzagulanso belo chaka chamawa.

Ntchito isadye nthawi yonse ya banja. Popeza udzu umauma masiku awiri kapena atatu, mukamweta Lolemba kapena Lachiwiri mumadinda sabata isanathe, ndipo Lamulungu limakhala la Misa, kupuma ndi kucheza ndi ana. Womweta Lachisanu amapemphera maso ali pa zenera kuyang'ana mitambo.

Zimene gulu lanu lingachite

Si mayi aliyense angakwanitse bokosi, sikelo ndi chigafa payekha. Gulu la amayi a pa mphakati likhoza kukhomesa bokosi limodzi lobwerekana, kugula zingwe pamodzi, ndi kuitana mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu kuti adzaonetse kafesedwe ndi kadindidwe. Mukhozanso kupita ngati gulu kukalankhula ndi komiti ya gulu la mkaka kuti mudziwe mabelo amene adzafune mu Seputembala. Pa tsiku la maphunziro aitaneni abambo, chifukwa zimene mwamva nonse sizivuta kukumbutsana kunyumba.

Ngati pakhomo panu bizinesiyi ilipo kale, yambani sabata ino ndi zinthu zitatu. Gulani kope. Lowani m'chigafa awiri, muwerenge mabelo ndi kupisa dzanja pakati pawo kuti mumve ngati akutentha. Kenako gwirizanani tsiku limodzi pa mwezi loti muzikhala pansi n'kutsegula kopelo, kaya malonda ayenda kaya sanayende.